Mkangano wa Dolby ndi DTS ukuphimba funso lenileni

Kumbuyo kwa kabokosi ka chimbale cha Blu-ray kumakhala timizere ta zilembo zing'onozing'ono timene ogula ambiri sawerenga n'komwe, koma timene takhala tikuyambanitsa okonda mafilimu kuyambira m'chaka cha 2006 pamene zimbalezi zinafika pamsika. Timizereto timanena njira imene mawu a filimuyo asungidwira: Dolby TrueHD, DTS-HD Master Audio, kapena PCM. Alipo amene amalumbira kuti DTS imagunda pachifuwa kuposa Dolby. Ena amati Dolby ndiyo imatulutsa mawu oyera. Kagulu kachitatu kamanyoza onsewo n'kumati mawu enieni ndi a PCM basi, zinazo n'zogwiragwira. Mkanganowu watha zaka pafupifupi 20, ndipo ine ndikuona kuti nthawi yonseyi wakhala ukuzengedwa pabwalo lolakwika. Njira zitatuzi zikachokera ku gwero limodzi zimatulutsa manambala ofanana ndendende, popanda ndi limodzi lomwe losiyana. Chimene chimasiyanitsa chimbale chabwino ndi choipa ndi mawu amene wochikonza anakatenga ku situdiyo, komanso mmene anagawira malo pakati pa mawuwo ndi chithunzi. Pa mafunso awiriwa ndi pamene wogula amabedwa kapena kupatsidwa chilungamo, ndipo ndi pamene mkangano uyenera kusamukira.

Mawu a filimu akatha kusakanizidwa ku situdiyo amakhala mndandanda wa manambala. Makina amayeza mafunde a mawu ka 48,000 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse umalembedwa ndi mabiti 24, nthawi zina 16. Filimu ya 5.1 ili ndi matchanelo 6: atatu kutsogolo, awiri m'mbali, ndi limodzi la mabesi ogunda pansi. Manambala amenewa, asanakhudzidwe ndi chilichonse, ndiwo PCM, ndipo ndi amenenso amatumizidwa ku nyumba zoonetsera mafilimu masiku ano. Vuto lawo ndi kukula. Chimbale cha DVD sichikanatha kusenza matchanelo onsewo pamodzi ndi chithunzi, n'chifukwa chake kunagwiritsidwa ntchito Dolby Digital ndi DTS wamba, njira zimene zimataya mbali ya mawu imene khutu silingaigwire msanga, monga kaphokoso kakang'ono kobisika kuseri kwa kuphulika kwakukulu. Kumeneko kuli ngati kukonola chimanga. Nsima ya ufa woyera imakoma ndithu, koma madeya achoka ndipo palibe angawabwezere m'njere. Pa DVD, Dolby Digital sinkapitirira makilobiti 448 pa sekondi, ndipo DTS inkafika pafupifupi 1,500, ngakhale zimbale zambiri zinkangopatsidwa theka lake. Njira zimene amisiri amazitcha lossless zimagwira ntchito ina kotheratu. Zili ngati fodya wodindidwa m'belo: katundu wachepa m'maonekedwe, koma ukamasula belolo tsamba lililonse lilipo monga linalowera.

Pakati pa Dolby TrueHD ndi DTS-HD Master Audio, kusiyana kuli pa kamangidwe ka belo, osati pa fodya. TrueHD inachokera ku luso la kampani ya ku Britain yotchedwa Meridian Audio, limene linayamba kugwiritsidwa ntchito pa zimbale za nyimbo za DVD-Audio. Imapinda manambala onse pamodzi ndipo pa Blu-ray imaloledwa kufika mamegabiti 18 pa sekondi. Popeza malamulo a Blu-ray sakakamiza makina onse kuidziwa, chimbale cha TrueHD chimayenera kunyamulanso mawu a Dolby Digital pambali, kuti amene makina ake ndi osavuta asakhale chete. DTS inatsata njira ina. Mkati mwa DTS-HD Master Audio muli phata la DTS wamba la mamegabiti 1.5 pa sekondi, ndipo pamwamba pake pamaikidwa zonse zimene phatalo linataya. Makina akale amawerenga phata lokha, makina atsopano amaphatikiza ziwirizo n'kubwezeretsa manambala oyamba, ndipo malire ake ndi mamegabiti 24.5. Kunyamula zonse m'mtolo umodzi kumeneku kunathandiza kuti, pofika zaka za m'ma 2010, DTS-HD Master Audio ikhale pa zimbale zambiri za Blu-ray. Koma kumapeto kwa ulendo zonse zimasanduka PCM, chifukwa ampulifaya sangayendetse sipika ndi manambala opindidwa. Makina a masewera a PlayStation 3, amene m'zaka zoyambirira anali pakati pa makina ofala kwambiri oonetsera Blu-ray, ankamasula TrueHD mkati mwawo n'kuitumiza ngati PCM, ndipo m'chaka cha 2008 anaphunzitsidwanso kumasula DTS-HD Master Audio mwa njira yomweyo. Ampulifaya ankalandira PCM, kaya pakabokosi palembedwa dzina liti.

Amene amati makutu ake amamva kusiyana sakunama, ndipo si bwino kumuseka. Akumva chinthu chenicheni, kungoti akuchitchula dzina lolakwika. Choyamba ndi kukwera kwa mawu. Njira za Dolby zimanyamula nambala yotchedwa dialnorm, imene imauza makina msinkhu wa mawu a olankhula kuti mafilimu ndi mapologalamu osiyanasiyana azimveka mofanana. Zimbale zambiri za Dolby zinasiyidwa pa -27 pamene muyeso wosatsitsa kanthu ndi -31, ndipo zotsatira zake n'zakuti makina amatsitsa mawu onse ndi madesibelo 4. Zimbale zambiri za DTS sizitsitsidwa motero. Munthu akasintha kuchoka ku china kupita ku chinzake osakhudza voliyumu, DTS imamveka yamphamvu, ndipo ndi chikhalidwe cha khutu la munthu kuyesa mawu okwera pang'ono kuti ndiwo omveka bwino, odzaza mabesi. Ukakweza Dolby ndi madesibelo 4 omwewo, mphamvu ija imabwerera. Chachiwiri ndi waya. Waya wa kuwala umene anthu ambiri amalumikizira makina awo, wotchedwa optical, sungathe kunyamula mawu a lossless a matchanelo ambiri. Amene akuugwiritsa ntchito akumva phata la DTS la makilobiti 1,500 kapena Dolby Digital ya makilobiti 640, ndipo akamayerekeza ziwirizo akuyerekeza ufa wokonola ndi ufa wokonola unzake. Chachitatu, filimu imodzi imatuluka m'maiko osiyana kudzera m'makampani osiyana, ina ndi TrueHD ina ndi DTS, ndipo kawirikawiri makampaniwo amakhala kuti anapatsidwa mawu osakanizidwa mosiyana. Kusiyana kumakhalapodi, koma kunabadwira ku situdiyo.

Tikachotsa mkangano wa maina, chotsala ndi masamu, ndipo masamu ake ndi ouma. Chimbale cha Blu-ray chili ndi malire awiri, kukula kwa nkhokwe ndi kukula kwa khomo lotulutsira. Nkhokwe ndi magigabaiti 25 pa chimbale cha nsanjika imodzi, kapena 50 pa cha nsanjika ziwiri. Khomo, limene amalitcha bitrate, ndi mamegabiti 48 pa sekondi a mawu ndi chithunzi pamodzi, ndipo chithunzi pachokha sichiloledwa kupitirira 40. Filimu ya maola 2 ili ndi masekondi 7,200. Mawu a PCM a 5.1 pa mabiti 24 amadya mamegabiti 6.9 pa sekondi iliyonse mosalekeza, kaya pakuphulika bomba kaya anthu angokhala chete m'chipinda, ndipo pakutha pa filimu amakhala atadya magigabaiti 6.2. Pa chimbale cha magigabaiti 25, limenelo ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Pa mabiti 16 amadya mamegabiti 4.6, kapena magigabaiti 4.1. Mawu omwewo akapindidwa ndi TrueHD kapena DTS-HD Master Audio nthawi zambiri amatsika kufika cha m'ma theka, chifukwa njirazi zimadya kwambiri pamene phokoso lachuluka n'kumapuma pamene kuli zii. Dolby Digital ya makilobiti 640 imangodya pang'ono kupitirira theka la gigabaiti. Ndiye pali khomo lija. Chithunzi chikafuna mamegabiti ake onse 40, mawu onse amatsala ndi 8, pamene PCM ya 7.1 pa mabiti 24 payokha imafuna 9.2. Malo akathina chotero, biti iliyonse yopatsidwa mawu yalandidwa kwa chithunzi.

Zaka ziwiri zoyambirira za zimbalezi zinaonetsa kulakwitsa kwa mbali zonse ziwiri. Zimbale zoyamba za Blu-ray za mu June 2006 zinali za magigabaiti 25, chithunzi chake chinapanikizidwa ndi MPEG-2, njira yakale ya pa DVD imene imadya malo ambiri, ndipo Sony inaikaponso mawu a PCM. Filimu ya The Fifth Element inali pakati pa zoyambazo. Chithunzi chake chinakhumudwitsa anthu kwambiri moti m'chaka cha 2007 inatulutsidwanso itakonzedwa, pogwiritsa ntchito njira yatsopano ya AVC, ndipo ogula oyamba analoledwa kusinthitsa. N'zoona kuti gwero la chithunzi choyambacho linalinso losasamalika, choncho mlandu wonse sungagwere PCM, koma kupereka magigabaiti oposa 4 ku mawu osapindidwa pa chimbale chothina chotero kunali kuwononga. Kutsidya kunali HD DVD ya Toshiba, imene inkalimbirana msika ndi Blu-ray, ya magigabaiti 15 kapena 30, khomo lake la mamegabiti pafupifupi 30. Kumeneko kuthina kunagwera mawu. Filimu ya Transformers, imene phokoso ndi theka la moyo wake, inatuluka pa HD DVD m'chaka cha 2007 yopanda mawu a lossless, yongokhala ndi Dolby Digital Plus, ndipo inadzapeza TrueHD itatuluka pa Blu-ray m'chaka cha 2008. Pofika nthawi imeneyo Toshiba inali itagonja kale, mu February chaka chomwecho. Nkhondo imeneyo inathera pa zifukwa za malonda, makamaka pamene Warner Bros. inasankha Blu-ray yokha, koma inasiya umboni wooneka wa zimene zimachitika nkhokwe ikachepa.

Pamenepa wina angatsutse kuti zonsezo ndi mbiri yakale, popeza zimbale za magigabaiti 50 zinafala ndipo za Ultra HD Blu-ray, zimene zinabwera m'chaka cha 2016, zimafika 66 ndi 100. Mbali ina akunena zoona. Filimu ya maola 2, ngakhale itatsegula khomo lonse la mamegabiti 48 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ingadye magigabaiti 43 okha, ndipo ikwana. Koma si mafilimu onse amene ali a maola 2. Pa maola 3, magigabaiti 50 amangopereka mamegabiti pafupifupi 37 pa sekondi a zonse pamodzi, ndipo n'chifukwa chake mafilimu atalitali a The Lord of the Rings, atatuluka pa Blu-ray m'chaka cha 2011 m'mtundu wake wowonjezeredwa, iliyonse inagawidwa pa zimbale ziwiri. Kenako pamabwera dyera la wogulitsa, amene amafuna chimbale chimodzi chigulitsidwe m'maiko ambiri a ku Ulaya, n'kulongedzamo zilankhulo zambirimbiri, ndemanga za wotsogolera filimu, ndi timakanema toonetsa mmene anajambulira. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amene amalipira ndi chithunzi, ndipo njala ya chithunzi sibisika ngati ya mawu: pamalo amdima pamaoneka timabokosi, thambo la madzulo limagawika mizeremizere, ndipo timchenga tachilengedwe ta filimu yojambulidwa pa tepi timasungunuka, nkhope za anthu n'kuoneka ngati zopakidwa phula. Zimbale za Ultra HD ndi zazikuludi, koma chithunzi chake chili ndi timadontho tochuluka kanayi, choncho mpata wake si wa mwanaalirenji monga manambala amaonetsera. Sindikunena kuti Mjeremani kapena Mfalansa amene amaonera filimu m'chilankhulo chake apatsidwe mawu otsika. Ndikunena kuti chimbale cha dziko lake chikhale ndi mawu oyambirira ndi chilankhulo chakecho, zonse za lossless, m'malo mwa zilankhulo 10 zopanikizana.

Kuwononga kwina kumabwera kutavala chovala cha ulemu, ndiko kuthamangira manambala aakulu. Blu-ray imalola mawu oyezedwa ka 96,000 ngakhale ka 192,000 pa sekondi. Filimu ya ku Japan ya Akira, ya m'chaka cha 1988, inatuluka pa Blu-ray m'chaka cha 2009 ndi TrueHD ya 5.1 yoyezedwa ka 192,000 pa mabiti 24, mawu amene asanapindidwe amafuna mamegabiti 27.6 pa sekondi. Wopeka nyimbo zake, Tsutomu Ohashi, amene pa zoimbaimba amadziwika kuti Shoji Yamashiro, ndi wasayansi amene wakhala akuphunzitsa kuti mafunde opitirira malire a khutu amakhudzabe ubongo. Kwa iye chisankhocho chinachokera pansi pa mtima, ndipo n'choyenera kulemekezedwa. Koma sichiyenera kukhala lamulo la onse. Khutu la mwana wathanzi limamva mpaka mafunde pafupifupi 20,000 pa sekondi, malirewo amatsika munthu akamakula, ndipo kuyeza ka 48,000 kumasunga mafunde mpaka 24,000. M'chaka cha 2007, Brad Meyer ndi David Moran anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Audio Engineering Society, momwe omvera ankayesa kuzindikira ngati mawu apamwamba atsitsidwa kufika pa msinkhu wa CD. Pa mayeso 554 analondola 276, chimodzimodzi ndi kungolota. Kafukufukuyo anatsutsidwa ndi ena, ndipo m'chaka cha 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London, atasonkhanitsa zofufuza zambiri, anapeza kuti kuzindikira kulipo koma n'kochepa kwambiri, ndipo kumakula mwa omvera ophunzitsidwa. Ngakhale titavomereza zimenezo, mafilimu ochuluka amasakanizidwa pa 48,000. Kuwakweza kufika 96,000 pambuyo pake sikubweretsa chimene sichinajambulidwe. Konsati yojambulidwa pa 96,000 isungidwe momwemo, filimu yosakanizidwa pa 48,000 isiyidwe pomwepo.

Kutsutsa kolemera kwambiri kumachokera kumbali inayo, ndipo sikuyenera kuthawidwa. Ngati khutu sililondola kusiyana pakati pa 48,000 ndi 192,000, kodi limalondola pakati pa lossless ndi mawu otayidwa mwaluso? Mu May 2019 kampani ya Netflix inalengeza kuti yakweza mawu ake a 5.1 kuchoka pa makilobiti 192 kufika pa 640, ndi a Dolby Atmos kufika pa 768, ndipo inati mayeso ake akumvetsera anaonetsa kuti pa 640, pogwiritsa ntchito Dolby Digital Plus, womvera sasiyanitsa ndi mawu a ku situdiyo. Ndilibe chifukwa chokayikira kuti kwa anthu ambiri, m'nyumba zambiri, pa mafilimu ambiri, zimenezo n'zoona. Munthu woonera pa masipika a m'wailesi yakanema, fani ikuzungulira, ana akusewera pakhonde, sangamve chimene chatayidwa. Ndiye bwanji osapereka magigabaiti pafupifupi 3 a mawu opindidwa aja ku chithunzi, n'kuiwala za lossless? Yankho loyamba ndi mtengo. Netflix imawerenga kilobiti iliyonse chifukwa imatumiza filimu kwa anthu mamiliyoni kudzera pa intaneti, ndipo aliyense wogula bando ya data amadziwa kuti kumeneko kulibe chaulere. Pa chimbale cha magigabaiti 50, mawu amodzi a lossless amatenga pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse. Kukweza chithunzi kuchoka pa mamegabiti 30 kufika 33 ndi maso ochepa angakuone. Pa mtengo wochepa chotero, wogula amachotseredwa chikayiko chonse, kuphatikizapo pa maphokoso amene njira zotaya zimadziwika kuti zimavutika nawo, monga kuwomba m'manja kwa khamu la anthu ndi kulira kwa zitsulo za ng'oma.

Yankho lachiwiri ndi limene limandikhudza kwambiri. Mawu otayidwa kamodzi mwaluso angamveke bwino, koma akatayidwanso kachiwiri ndi kachitatu zilema zimaunjikana. Kuno kwathu umboni wake suchita kufunafuna. Filimu imene yafika pa fulashi kapena pafoni, itapanikizidwa ndi uyu, n'kupanikizidwanso ndi uyo, mwina n'kuikidwanso mawu a Chichewa pamwamba, nyimbo zake zimamveka ngati zikuimbidwa pansi pa madzi. Chilichonse chimene chimachokera ku chimbale, kaya ndi kope losungidwa pa kompyuta ya m'nyumba kaya ndi ntchito ya wokonzanso filimu zaka zikubwerazi, chimayambira pa chimene chili pa chimbalecho. Ndipo msika wa zimbale ukufota. Kampani ya Oppo inasiya kupanga makina ake otchuka oonetsera zimbale m'chaka cha 2018, Samsung inasiya kutulutsa atsopano ku America m'chaka cha 2019, ndipo masitolo a Best Buy anasiya kugulitsa zimbale za mafilimu kumayambiriro kwa 2024. Tanthauzo lake n'lakuti kwa mafilimu ambiri, chimbale chimene chilipo lero ndicho chomaliza. Filimu ya pa intaneti ingachotsedwe mgwirizano ukatha, kapena kusinthidwa mwini wake atafuna, koma chimbale chili pashelefu chimakhala momwe chinadindidwira. Chinthu chokhala ndi udindo wosunga ntchito ya anthu kwa zaka zambiri sichiyenera kukhala chokonola. Muyeso woti anthu ambiri sangamve kusiyana ndi wokwanira pa chinthu choonera usiku umodzi, koma ndi wochepa pa mbewu yosungira chaka chamawa.

Kubwera kwa Dolby Atmos ndi DTS:X sikunasinthe mfundoyi, ngakhale kunadzutsanso mpikisano wa maina. Atmos inayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu m'chaka cha 2012 ndi filimu ya Brave, n'kufika pa Blu-ray m'chaka cha 2014 ndi Transformers: Age of Extinction, ndipo DTS:X inatsatira m'chaka cha 2015. Apa pali chatsopano chenicheni, chifukwa phokoso limapatsidwa malo ake m'chipinda, ngakhale kudenga, m'malo momangiriridwa ku sipika imodzi. Koma pa chimbale Atmos imakwera pamsana pa TrueHD, ndipo DTS:X pa DTS-HD Master Audio, choncho belo ndi lomwe lija. Dzina la Atmos silitsimikizanso kuti mawu ndi a lossless, popeza Atmos ya pa intaneti imayenda pa Dolby Digital Plus, imene imataya. Ngakhale m'nyumba momwe, doko la ARC la pa wailesi yakanema silidutsitsa TrueHD, pamafunika eARC imene inabwera ndi HDMI 2.1 m'chaka cha 2017, moti ambiri amene anagula zida zolembedwa Atmos sanamvepo zimene zili pa chimbale chawo. Ndipo kuchuluka kwa matchanelo si muyeso wa luso. Wotsogolera mafilimu Christopher Nolan amasakaniza mafilimu ake pa 5.1, ndipo zimbale za Dunkirk ndi Oppenheimer zili ndi DTS-HD Master Audio 5.1 ngakhale pa Ultra HD. Dunkirk inapata mphoto zonse ziwiri za Oscar za mawu m'chaka cha 2018. Wina atatenga filimu imeneyo n'kumwaza ndege zake kudenga kuti pakabokosi palembedwe dzina logulitsa, angakhale atapanga chinthu china chimene eni ake sanavomereze.

Mawu oti lossless amangolonjeza kuti chimene chinalowa ndicho chidzatuluke, sanena kanthu za chimene chinalowacho. Mafilimu ambiri amasakanizidwanso asanapite pa chimbale, kuti agwirizane ndi chipinda chaching'ono, ndipo pochita zimenezo mtunda wa pakati pa kunong'ona ndi kuphulika umafupikitsidwa, nthawi zina mabesi n'kuchepetsedwa. Ntchitoyi ikachitika mosamala imathandiza, ikachitika mwaulesi imapha filimu, ndipo kabokosi kawirikawiri sikanena chilichonse za izo. Mafilimu akale ndiwo amavulala kwambiri. Jaws ya Steven Spielberg, ya m'chaka cha 1975, inasakanizidwa pa tchanelo chimodzi chokha, ndipo mawu amenewo ndiwo anapata mphoto ya Oscar. Itatuluka pa DVD m'chaka cha 2000, mawuwo anasiyidwa, m'malo mwake munalowa a 5.1 amene maphokoso ena anali atsopano. Pa Blu-ray ya m'chaka cha 2012 mawu oyambirira anapezekamo, chimene n'choyamikirika, koma ulemu wa DTS-HD Master Audio unapatsidwa kwa mawu atsopano a 7.1, pamene opata mphoto aja anaikidwa pa DTS wamba, yotaya. Kampani ya Criterion inaonetsa kalekale kuti zingatheke mwa njira ina, chifukwa pa mafilimu akale imaika mawu a tchanelo chimodzi a PCM osapindidwa n'komwe, ndipo pamenepo PCM ilibe mlandu popeza imangodya mamegabiti 1.15 pa sekondi. Jaws ndi ya mphindi 124. Kusunga mawu ake oyambirira popanda kutaya ndi biti imodzi yomwe kukanafuna gigabaiti imodzi ndi kachidutswa, pa chimbale cha magigabaiti 50.